Matumbo Obwereka

Lachiwiri, 3 Sepitembala 2024

Kope ili wandipatsa ndi Dokotala Tikhala kuti ndizilembamo nthawi: nthawi imene ndamva mseru, nthawi imene m'mimba mwapota, nthawi imene munthu wakhudza mawaya ake. Zimenezo ndizilemba kutsogolo. Kumbuyo kuno ndi kwanga. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, zotsalazo ndinatolera ku sukulu ya kwacha nditakula kale, ndiye wodzawerenga asadzaseke zilembo zanga, adzaseke bambo anga amene anati mtsikana akadziwa kulemba dzina basi zakwana.

Ndine Mwanamvua Abiti Jaffalie wa kwa Mponda. Zaka akuti 68. Anandibweretsa kuno Loweruka mimba itafufuma ngati ng'oma, masiku atatu osapita kuseri. Lamulungu m'mawa ananding'amba. A Bonface, dokotala wa mpeni, akuti matumbo anapotana ngati chingwe cha khoka, mbali ina inafa, anadula nkulumikiza. Tsopano paipi m'mphuno, dripi padzanja, pakamwa osalawa ngakhale madzi. Akuti matumbo akagwiridwa ndi manja a munthu amanyanyala nkugona. Tikudikira adzuke, ndipo chizindikiro chake ndi kuphwisa. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuthamangitsa adzukulu ndi tsache chifukwa cha khalidwe limeneli. Lero anthu ophunzira akubwera m'mawa uliwonse kudzandifunsa mwaulemu ngati ndachita.

Wondidikirira ndi Ajira, mkazi mnzanga. Mwamuna wathu anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, anatisiya tikukangana, ndipo sitinaone chifukwa cholekera. Ana anga amuna ali ku Joni, wamkazi ali ndi khanda. Ajira ndiye anamanga mphasa ndi ndowa nkukwera nane. Akuti wabwera kuti ndikafa asachite kumva kwa anthu.

Lachitatu, 4 Sepitembala

Kutentha kwa thupi 37.2. Dripi mabotolo atatu. Zotuluka m'paipi zobiriwira, theka la botolo. Mpweya ayi.

Ndilembe za mwana wa mawayayu. Dokotala Tikhala sabaya jakisoni, sagwira mpeni, salemba mankhwala. Anandiuza yekha Lolemba podzandipempha kuti ndilowe m'kafukufuku wake. Akuti sukulu anamaliza yonse mpaka pamene imathera, anamupatsa udokotala wa mabuku, kenako akuluakulu ake anamupatsa zaka ziwiri kuti afufuze chinthu chimodzi chokha. Ndinamufunsa ngati munthu womaliza sukulu amamupatsanso ntchito yokachitira kunyumba. Anaseka, ati inde anganga, ndipo chaka ndi theka chatha kale.

Chimene akufufuza ndi ichi. Akuti matumbo ali ndi mitsempha yakeyake, yambirimbiri, yolukana ngati ukonde kuyambira kukhosi mpaka kumapeto, ndipo siidikira kuti mutu uilamule. Imatumizirana timagetsi tochepa kwambiri toti munthu sangatimve, ndipo timagetsito ndi timene timauza matumbo kuti finyani apa, lekani apo. Ndinati ndamva, ndi alovi, asodzi a kwathu, pokoka ukonde wa chilimira. Wina amayambitsa nyimbo, enawo nkumakoka pamodzi, nyimbo ikaleka ukonde umangoti lende m'madzi. Anati zimenezo azilemba. Ndinati alembe ndi dzina langa.

Wandimata tizigamba tinayi pamimba, tiwiri uku tiwiri uku, bala pakati. Mawaya ake alowa m'kabokosi konga sopo wosambira kamene kamagona nane m'chitenje. M'mawa uliwonse, kupatula Lamulungu, amabwera ndi kompyuta kudzakhuthula zimene kabokosi kamva. Akufuna adziwe ngati matumbo amayamba kunong'ona pansipansi tsiku limodzi kapena awiri munthu asanatulutse mpweya. Zikakhala zoona, ati m'tsogolo madokotala azidziwa msanga woti amudikire ndi woti amubwezere ku fiyeta. Ine ndine wa nambala 41. Ananena kawiri konse kuti kabokosi sikachiza ndipo sikaweruza, oweruza ndi a Bonface. Ndinavomera ndi mutu. Koma ndakhalitsa, ndikudziwa kuti chinthu chikakhala ndi mawaya anthu amachimvera kuposa nkhalamba.

Anandionetsa mzere wa matumbo anga pa kompyuta. Uli phee ngati nyanja ya Malombe tsiku lopanda mphepo. Wa munthu wabwinobwino akuti umakwera nkumatsika. Sindinakonde mmene anatsekera kompyuta msanga.

Amayi a ku mzikiti abwera asanu ndi mikate ndi thobwa, akudziwa bwino kuti sindikudya. Ajira walandira zonse ndi manja awiri.

Lachinayi, 5 Sepitembala

37.6. Nesi wayeza mimba ndi tepi ya atelala, 94. Dzulo inali 91. Mpweya ayi.

A Bonface anaika chomvera chawo pamimba nthawi yaitali, nkuti muli zii. Analankhula ndi Ajira ngati ine ndatuluka panja. Akuti tsiku lachinayi silodetsa nkhawa kwenikweni, koma likafika Loweruka zili chomwechi ndiye kuti mwina polumikiza paja pakudontha, adzatsegulanso. Ndipo akatsegula kachiwiri salumikizanso. Amatulutsira matumbo pambali pa mimba nkumatapo thumba la pulasitiki, zonse zizigwera mmenemo.

Ndinafunsa thumba lanji. A Keti a pa bedi lakumanzere, mayi wa ku Nkope wogulitsa usipa, anangokweza bulauzi. Akhala nalo miyezi isanu ndi iwiri, abwera kuti awabwezere m'kati. Akuti munthu umazolowera, iwo amakwera nalo matola ndi madengu awo omwe. Ndinayang'ana kamodzi nkutembenukira kukhoma.

A Keti angathe, kwawo munthu amalowa m'tchalitchi mmene alili. Ine ndine wosambitsa maliro a amayi pa mzikiti wathu, zaka 26. Swala, pemphero lathu la kasanu patsiku, sindinaiphonye chimwalirireni mwamuna wathu. Munthu saima pa swala asanasambe udhu, kusamba kodziyeretsa kuja, ndipo udhu umaduka ndi kampweya kamodzi kokha. Nanga wa thumba lotulutsa zinthu nthawi imene lafuna adzakhala woyera liti? Ndani adzalole manja anga pa thupi la mayi wake? Imfa sindiiopa kwambiri, ndaitembenuza ndi manja angawa kambirimbiri. Ndikuopa kukhala ndi moyo kunja kwa mkeka wa swala.

Masana Ajira anabwera ndi madzi otentha m'fulasiki ndi kansalu. Akuti a chipatala ali ndi zawo, koma mimba yogona imadzuka ndi kuthowa, ndipo ndi ine amene ndinamuthowa iye atabereka Shafi, ngakhale ndinkakanikiza mwankhanza. Nzoona ndinkakanikiza. Tinatchinga chitenje. Bala sanalikhudze, koma tizigamba tinali pomwe amafuna kuthowa, ndiye anatimatula. Kabokosi kanayamba kulira ngati mwanapiye wotayika. Nesi anali mabedi atatu kuchokera pa ife, ndipo nesi ameneyu pakamwa pake mpoposa panga. Ajira anakafunditsa pilo, sikanaleke. Anamata tizigamba pa chitsulo cha bedi, sikanaleke. Basi anakweza malaya nkudzimata pamimba pake. Kabokosi kanati zii.

Anandithowa ola lathunthu atakhala m'mphepete mwa bedi, mawaya akutuluka m'malaya mwake. Tinaseka mpaka bala linandikumbutsa kuti lilipo. Atatha anabwezera tizigamba pamalo pake nkulimbitsa ndi pulasitala wotsala pa dripi. Kutsogolo kwa kope sindinalembe. Ndinati nkhani yaing'ono.

Lachisanu, 6 Sepitembala

37.8. Tepi 95. Mpweya ayi.

Dokotala Tikhala anakhuthula kabokosi, nkhope yake nkusintha. Anakhala pa bedi langa osapempha, chimene sachita. Anandionetsa mzere wadzulo. Phee m'mawa monse, kenako kuyambira 2 koloko masana mpaka 3 koloko mafunde okongola, otsatana bwinobwino ngati mizere ya m'munda wa munthu wakhama, kenako pheenso. Anati anganga, matumbo anu ayesa kuyankhula. Akuti mwa anthu onse 41 sanaonepo zomveka chonchi.

Ajira anali pansi akusenda nthochi. Anasiya nthochi ija. Ndinamuyang'ana ndi diso limene amalidziwa.

Mwanayo anandifunsa ngati pa ola limenelo panachitika china chilichonse. Ndinati ndinali mtulo.

Lero ndi Ijuma, tsiku la pemphero lalikulu, ndipo ndanama dzuwa lisanafike pamutu.

Atachoka, Ajira anati timuuze mwana wa eni. Ndinati amuuze ndani, iwe amene unamatula? Ndinamufotokozera bwinobwino. Mawa ndi Loweruka, a Bonface akubwera mpeni uli m'maganizo. Matumbo anga akungofuna masiku awiri ena, ndikuwadziwa, anatengera malemu mwamuna wathu, amadzuka mochedwa koma amadzuka. Ife tingowatchingira kaye. Anati chimenecho ndi chinyengo. Ndinati:

"Tinabwerekana mwamuna zaka makumi awiri osafunsa dokotala. Lero ukundikaniza mimba ya maola awiri?"

Anati mwamunayo sindinamubwereke ngakhale tsiku limodzi, ankachita kundilanda. Koma 2 koloko itakwana anatchinga chitenje. Ndinamuuza ayambe wadya kuti matumbo ake akhale ndi zonena. Anadya mpunga ndi utaka wootcha pamaso panga, ine ndili ndi masiku asanu ndi limodzi osalawa kanthu, fungo likulowa ndi m'mphuno ya paipi momwe. Lero wavala maola awiri.

A Keti anaona zonse pa mpata wa chitenje. Anati amayi, thumba silipha munthu, chimapha ndi kudikira. Ndinawauza kuti aziyimba nyimbo zawo za kwaya, za kuno azisiye.

Mwana wanga wamkulu waimba kuchokera ku Joni. Ndamuuza kuti makina akuti ndikuchira. Walira ndi chimwemwe, bambo wa ndevu. Foni itaduka ndinaigwira nthawi yaitali.

Loweruka, 7 Sepitembala

38.1. Tepi 97. Mtima akuti ukuthamanga, 108 pa mphindi. Mpweya ayi. Phewa lamanzere likubaya ngati muli minga ya nsomba. Sindinauze munthu.

A Bonface anabwera 9 koloko. Anakanikiza mimba nkuchotsa dzanja mwadzidzidzi. Ndinaona nyenyezi, koma ndinati sizikupweteka kwenikweni. Munthu wobereka kasanu ndi kawiri amadziwa kusunga nkhope. Anayang'ana pepala la anesi, anati sizikuwasangalatsa, akonze fiyeta masana ano.

Dokotala Tikhala anali kumapazi kwa bedi. Ndinamuona akulimbana ndi pakamwa pake, kutsegula, kutseka. Kenako analankhula Chingerezi nkutsegula kompyuta. Chingerezi sindimva koma nkhope ndimawerenga. A Bonface anayang'ana mafunde a Ajira nthawi yaitali akukanda chibwano. Anandiuza m'Chichewa kuti makina amenewa akadali oyesa ndipo iwo sawadalira, koma popeza mwini wakene ndikuti ululu ndi wochepa, andidikira mpaka Lolemba m'mawa. Asintha mankhwala a m'dripi.

Ndapambana ndiye. Ndimayesa ndikondwa. M'malo mwake ndakhala tsiku lonse ndikumvetsera mimba yanga ngati munthu wayika khutu pa chitseko cha nyumba yopanda anthu.

Cha m'ma 12 anamwalira mayi wa pa bedi la pakhomo, amene anabwera Lachinayi kuchokera ku Chiponde atachedwa kunyumba. Anamukulunga msangamsanga, chibwano osamanga bwino. Manja anga ankayabwa. Ndinaitana mwana wake wamkazi nkumuuza mmene amangire, nsalu idutse pati, mfundo ikhale pati. Ali m'misozi anamvera. Akumutulutsa ndinawerenga mabedi kuchokera pake kufika panga. Asanu ndi limodzi.

Ajira wavalanso tizigamba maola awiri. Pothowa ndinalephera kupirira, ndinamuuza asiye. Mimba yalimba ngati thabwa la boti. Anaika dzanja pamphumi panga nkulichotsa msanga ngati wagwira mpoto wa pamoto.

Lamulungu, 8 Sepitembala

39.0. Tepi 99. Ndikuzizidwa dzuwa likuswa mtengo. Cholembera chikuterereka.

Ajira wakana kuvala tizigamba. Akuti akandiika m'manda anthu adzati mkazi wamng'ono wamaliza ntchito imene anaiyamba kalekale. Ndamutukwana mpaka za chaka chimene anabwera pakhomo. Wangokhala pansi akupinda nsalu zopinda kale.

Nesi watumiza uthenga kwa a Bonface, akuti ali ndi mayi wobereka.

Ndikuopa.

Lachitatu, 11 Sepitembala

Ndili moyo. Thumba lilipo, kumanzere. Sindinaliyang'ane.

37.9. Ajira akundinyowetsa milomo ndi thonje.

Lachinayi, 12 Sepitembala

37.6. Paipi ikadali m'mphuno, ina yatulukira m'nthiti mwa mimba yochotsa mafinya. Lero dzanja likugwira, ndilembe za Lamulungu lija.

Cha m'ma 11 Dokotala Tikhala anatulukira atavala za kutchalitchi, tsiku loti sabwera. Maso ofiira. Moni wake unali waufupi. Anatsegula kompyuta nkundiuza kuti tizigamba timamvanso kugunda kwa mtima chapatali, koma iye amapeta nkutaya ngati madeya, chifukwa akufuna za matumbo zokha. Loweruka atapita kwawo sanakhazikike, mafunde aja anali okongola kuposa munthu amene anamusiya pa bedi. Ndiye anabwerera ku madeya aja. Anandionetsa ndi chala za Lachisanu masana. Pa 1 koloko mtima ukugunda 108. Pa 2 koloko 66. Pa 4 koloko 110. Pepala la nesi la 3 koloko likuti 109.

"Anganga, munthu sakhala ndi mitima iwiri. Wodekhawu ndi wa ndani?"

Ndinati makina ake ndi openga. Ndikanapitiriza, mawu ndinali nawo okwana dengu, koma Ajira anaimirira nkukweza malaya. Pamimba pake panali mabanga anayi ofiira, chifukwa khungu lake siligwirizana ndi pulasitala.

Mwanayo sanakalipe. Bola akanakalipa, kukalipa ndimadziwa kubweza. Anangofunsa kuti ululu weniweni uli pati ndipo unayamba liti. Ndinamuuza zonse, za phewa, za kuzizidwa, za tsiku limene a Bonface anakanikiza ine nkusunga nkhope. Anasiya kompyuta yotsegula pa bedi langa, anathamanga ndi nsapato zake zazitali za kutchalitchi. Ndinazimva zikugogoda khonde lonse. Pa 1 koloko ndinali pa machira.

A Bonface lero alankhula ndi ine mwini, osati ndi Ajira. Akuti polumikiza paja panabooka bowo longa njere ya chimanga, zoipa zinali zitadzaza m'mimba, anatsuka nthawi yaitali. Akuti likanadutsa tsiku lina limodzi, wondisambitsa sakanakhala iwo. Ntchito yanga akuidziwa, ananena dala.

Ndinafunsa ngati akanatsegula Loweruka thumba likanapeweka. Anati ayi, thumba linali langa kuyambira Lachinayi kapena Lachisanu. Chimene ndinapindula ndi bodza langa ndi mafinya ndi masiku ena khumi pa bedi lino. Akuti mwina pakatha miyezi isanu ndi umodzi adzayesa kubwezera, mwinanso ayi, sakulonjeza.

Matumbo agonanso. Tayambiranso kudikira. Tsopano akuti tionera pa thumba, likadzafufuma ndi mpweya. Akapanda kudzuka ulendo uno, sananene chimene chidzachitike, ndipo ine sindinafunse.

A Keti akuphunzitsa Ajira kudula pakamwa pa thumba ndi lumo kuti pafanane ndi bala. Ajira akumvetsera lilime lili panja ngati mwana wa Sitandade 1. Ine ndinayang'ana kudenga.

Lachisanu, 13 Sepitembala

37.3. Paipi ya mafinya yachepetsa. Thumba lili phwata, mulibe kanthu. A Keti apita ku fiyeta m'mawa akuyimba.

Dokotala Tikhala wabwera, atasowa masiku anayi. Waonda. Akuti analembera akuluakulu ake zonse osabisa, ndipo amuletsa kulemba odwala atsopano mpaka adzakhale pansi kumapeto kwa mwezi. Nthawi yake ikutha Malichi, anthu amafunika 60, ali ndi 40, chifukwa masiku anga aja awachotsa. Akuti mlandu waukulu ndi wake. Lamulo la kafukufuku wake linali loti asaonetse mafunde kwa dokotala woweruza, iye anaonetsa. Anaona chimene wakhala akuchifuna chaka ndi theka, mtima unathamanga kuposa mutu.

Mawu oti pepani amanditsamwa kuyambira ndili mtsikana. Ndinati ndine nkhalamba yopusa. Anati ayi, wopusa sakanadziwa zoyamba wadyetsa Ajira mpunga. Ndinamugwira dzanja nkunena mawu aja. Anatuluka, ndipo sindinafe nawo.

Akuti amene anayamba kale amuloleza amalize nawo, ndiye anandifunsanso kuyambira pachiyambi ngati ndikulola tizigamba, nkundikumbutsa kuti ndingathe kukana. Ndinati mata, koma Ajira azikhala kutsidya la bedi. Akuti kuyambira tsopano kugunda kwa mtima sazitayanso, kuzikhala mboni pa munthu aliyense. Wamata patali ndi thumba. Pomata anayang'ana thumbalo ngati akuyang'ana chigongono, osakwinya mphuno.

Atatuluka ku Ijuma anabwera Shehe Bilal a pa mzikiti wathu ndi akazi awo. Ndinadzifunditsa mpaka m'khosi. Kani Ajira anapita dzulo kukawafunsa za thumba langa, osandiuza. Nkhani ya m'mimba mwanga kukaiyala pamaso pa mwamuna, mwana woti ndinamuona akukwawa. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamuponyera kapu Ajirayo.

A Shehe anakhala chapatali, maso pansi. Akuti munthu amene thupi lake likutulutsa zinthu iye osafuna, chipembedzo chinamupeputsira kalekale. Nthawi ya swala ikalowa ayeretse thumba, asambe udhu, aswali, ndipo chimene chatuluka ali pa swala sichimudulira. Za kusambitsa maliro akuti palibe chondiletsa, koma mitima ya anthu sangailamule, ena adzandiitana, ena adzachita manyazi. Ndinafunsa ngati akunena za m'buku kapena akungotonthoza nkhalamba. Anati za m'buku.

"Mukanatifunsa Lachinayi lija, anganga," anatero akazi awo.

Ndikanafunsa bwanji? Ndinaona chapafupi kunamiza madokotala awiri kusiyana ndi kutchula za kuseri pamaso pa shehe.

Mawu awo makutu amva. Thupi silinamve. Chinding'ambireni kachiwiri sindinaswali, ndimangoyendetsa milomo.

Loweruka, 14 Sepitembala

37.1. Tepi 93. Thumba phwata.

A Keti abwerako, thumba lawo lachoka, tsopano nawonso akudikira mpweya. Tagona moyandikana ngati anthu awiri odikira basi imodzi.

Dokotala Tikhala anakhuthula kabokosi, koma asanandionetse anandigwira pamkono nkuwerenga mtima akuyang'ana wotchi. 92. Anayang'ana pa kompyuta, 92. Ndipamene anatembenuza kuti ndione. Timafunde tochepa, topindikapindika, tina tiwiri pamodzi kenako mpata wautali, kenako kamodzi kopunduka. Toipa ngati zilembo zanga. Ndinafunsa tanthauzo lake. Anati sakudziwa, ndi chimene akufufuzacho, ndipo a Bonface sawauza kanthu. Ndinati koma ndi tanga? Anati ndi tanu.

Ndakhala ndikuganiza za timafundeto tsiku lonse. Mwina ndi alovi akudzuka. Mwinanso ndi nsomba ikuphiriphitha pamchenga isanaume. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi chitsegulireni kachiwiri, ndipo ulendo woyamba tsiku ngati limeneli ndi limene zinaipa. Nesi akabwera ndi choyezera kutentha ndimatseka maso mpaka atatchula nambala.

Ajira wasiya kudyera pamaso panga. Amatuluka ndi mbale yake panja. Sindinamuuze, wangoyamba yekha.

Lamulungu, 15 Sepitembala

37.0.

Nthawi ya swala ya Alasiri itakwana, mawu a mzikiti wa kumsika anamveka pawindo. Ajira sanandifunse, anangobwera ndi beseni ndi jagi. Ndinati sindinakonzeke. Anati akulu, madzi ndatunga kale, musandivutitse. Anapukuta thumba, anandithirira m'manja, nkhope, mikono mozemba dripi, anandisambitsa mapazi amene sindingawafikire. Ananditsamiritsa pa mapilo nditayang'ana kumene timayang'ana poswali, iye nkuyala mkeka pansi pambali panga.

Rakaa yoyamba, gawo loyamba mwa magawo anayi a swalayo, inadutsa bwino. Ndili pakati pa yachiwiri, thumba linalira. Silinalire mobisa ayi. Linayamba pansipansi ngati njinga yamoto ikukana kulira, kenako linatulutsa mawu aatali mpaka wodi yonse inati zii. Ndinamva likufufuma pansi pa nsalu, lofunda.

Lilime linaima. Zaka makumi asanu ndi limodzi thupi langa likudziwa chinthu chimodzi, kuti zikatero umasiya, umachoka pa mkeka mwamanyazi nkukasambanso. Manja anayamba kale kutsika okha. Ndinamva Ajira pansipo wasiya swala yake, akuti chapansipansi:

"Pitirizani, akulu."

Ndinapitiriza. Misozi inkalowa m'paipi ya m'mphuno, thumba linaliranso kachiwiri pa rakaa yachitatu, koma ndinafika mpaka pa salamu yotsekera swala, kutembenukira kumanja ndi kumanzere. Kumanzereko ndinapeza a Keti atagwira bala lawo ndi manja awiri, akuseka mopanda mawu, akuti amayi mwanditsogolera. Ajira anayambiranso swala yake kuchokera pachiyambi, nditamuonongera ndi ine.

Nesi wa pakamwa uja anafunsa kuti zachitika nthawi yanji. Ndinati rakaa yachiwiri ya Alasiri. Anati zimenezo sizilembeka pa pepala la boma, analemba 3:40. Waimbira a Bonface, akuti paipi ya m'mphuno ichoke mawa, lero ndilawe madzi masipuni atatu. Madzi a pampopi, ofunda, onunkha mankhwala. Ndinawasunga m'kamwa nthawi yaitali ndisanameze.

Ndakweza nsalu ndaliyang'ana. M'kati mwake muli nsonga ya matumbo anga, kanyama kofiira ngati m'kamwa mwa khanda, kakuyenda pang'onopang'ono pakokha. Ndaona zoopsa kuposa apa pa matupi a anthu abwino.

Swala ya Magaribi yatsala pang'ono. Ndamutuma Ajira akatunge madzi ena. Ndamuuza kuti thumba ndiyeretsa ndekha, iye angogwira beseni.